Mainchesi Awiri a Bambo Kaliwo

Sabata ino pakwana chaka chimwalirireni a Kaliwo, ndipo anzanga a kumpingo andipempha kuti ndilembe kanthu kowakumbukira. Akuti ndine amene ndinkawadziwa bwino. N'zoona, ndinkawadziwa, n'chifukwa chake ndawachenjezeratu kuti asayembekezere zoti ndiwapaka mafuta. Munthu uja anandikwana. Anandikwana ali moyo, ndipo ngakhale lero ndikadutsa ku South C, kuno ku Nairobi, n'kuona chitseko cha galaja yawo, chisoni ndi mkwiyo zimandifika pamodzi, osadziwa kuti ndiyambe chiti. Ambiri akufuna ndisimbe za mgolo wa madzi oundana, poti ndiyo nkhani imene imaseketsa pamaliro ndi paukwati. Ndifikako, koma mgolowo simungaumvetse musanadziwe za mainchesi awiri.

A Kaliwo anali telala. Kwawo kunali ku Chiradzulu, koma anabwera ku Nairobi ndi ansembe ena kudzasoka mikanjo ya paguwa ndi mayunifolomu a kwaya. Ansembewo atabwerera, iwo anatsala. Ine nditafika kuno m'zaka za m'ma 1990 kudzaphunzira, ndinawapeza akazi awo atamwalira kale, akulera okha mwana wawo mmodzi, Thoko. Mmalawi aliyense wofika ku Nairobi ankadutsa pa galaja ija. Akatolika, a mipingo ina, Asilamu, tonse tinaimikidwapo pakati pa chipinda chija, manja m'mwamba, tepi m'chiuno, iwo akulankhula mapini ali pakamwa moti munthu unkangomva theka la chipongwe chimene akukunena.

Kuyeza ankayeza bwino, zimenezo sindingawanamizire. Koma akayeza, ankawonjezera mainchesi awiri paliponse: pachifuwa, m'chiuno, m'matako, kumpendero. Ankati amenewo ndi a ulemu. Malinga ndi iwo, ntchito ya chovala ndi kubisa munthu, osati kumuneneza, komanso munthu saleka kukula mpaka tsiku limene adzamuyeza bokosi. Mwana wa sukulu ankamusokera yunifolomu yoti adzakulire nayo. Mkwatibwi ankamusokera diresi yoganizira kale za mimba. Ngakhale nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu inkachoka pagalaja paja ndi malaya okulira nawo.

Ine tinayambana koyamba nditapeza ntchito ku bungwe lina la mpingo. Ndinawapatsa nsalu yabwino kuti andisokere siketi yoyambira ntchito, ndipo nditaivala inkazungulira yokha m'chiuno.

"Bambo, taonani. Zipi yafika kutsogolo ndisanayende n'komwe."

"Udzanenepa, Rute. Ntchito wayipeza kale."

"Nanga Lolemba ndivala chiyani?"

"Phini ulibe?"

Anandipatsa phini, n'kubwerera pa makina. Ndinalumbira kuti sindidzapondanso pamenepo. Patatha milungu iwiri ndinali pomwepo, ndikumwa tiyi wawo wakuda, poti ku Nairobi konse kunalibe wina wondifunsa kuti ndadzuka bwanji n'kudikiradi yankho.

Zaka zonsezo Chiswahili sanachiphunzire. Ankadziwa kufunsa mtengo ndi kukana, basi. Kondakitala wa minibasi, imene kuno amati matatu, akapanda kuwamva, ankangobwereza Chichewa chomwecho mokweza mawu. Tiyi wa kuno wophikira pamodzi ndi mkaka ankamutcha phala. Za akazi ovala mathalauza ndiye musanene. Iwo anachoka kumudzi nthawi imene mkazi sankaloledwa kuvala thalauza, ndipo atauzidwa kuti lamulolo linatha kalekale, anayankha kuti sizasi yawo sinalandire kalata.

Tsopano ganizirani kukhala mwana wamkazi wa munthu wotere. Thoko chibadwire sanavalepo chogula m'sitolo. Madiresi onse, mayunifolomu onse, ngakhale zogonera, zinkachokera pa makina a bambo ake, ndipo ankayenda m'zovalazo ngati wabwereka za mayi ake aakulu. Pamaso pawo sankadandaula. Ankabwera kuchipinda kwanga Loweruka, n'kuvala jinzi yanga, n'kuima pa kalilore nthawi yaitali, kenako n'kuivula n'kubwerera kwawo mu diresi yake yaikulu. Bambo ake ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti chimayi chawo chonse ndi chibambo chawo chonse chinali m'misoko imeneyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Thoko anapita ku Scotland kukaphunzira unamwino. Ankalemba makalata, ndipo Lamlungu lililonse masana ankaimba foni kwa a Mutua, anansi awo a a Kaliwo, amene ankagogoda pakhoma kuti mkuluyo abwere. M'kalata ina anasimba kuti anzake anamutengera kunyanja ya kumpoto, kumene anaphunzira masewera oima pa thabwa n'kumakwera mafunde. Anati madzi ake ndi ozizira kuposa a m'firiji, choncho aliyense amavala wetisuti, chovala cha mphira chokuta thupi kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo. Anawonjezera kuti iye yake alibe, amabwereka.

Kalatayo ndinawawerengera ndine, magalasi awo atasochera pansi pa nsalu. Ndinkayembekeza kuti akwiya ndi nyanja, kapena kuzizira, kapena kuti mwana wamkazi akuima pa thabwa pamaso pa anthu. Zonsezo zinawadutsa. Iwo anamva liwu limodzi.

"Wati amatani?"

"Amabwereka, Bambo."

"Mwana wa telala?"

Anachotsa mapini pakamwa, zimene sankachita kawirikawiri, n'kundiuza kuti Loweruka ndibwere ndi galimoto. Ndinayesa kuwauza kuti ku Scotland zovala zimenezo zili m'sitolo iliyonse ya kunyanja, ndipo Thoko mwiniwake pafoni anati, "Adadi, musavutike, ndigula konkuno." Kunali kulankhula ndi khoma.

Tinayenda ku msika wa Gikomba Maloweruka atatu, m'matope, pakati pa milu ya kaunjika amene kuno amati mitumba. Nairobi ili kutali ndi nyanja, ndipo nyanja imene Kenya ali nayo ndi yofunda, choncho amalonda ambiri ankatiyang'ana ngati tapenga pamene mkuluyu ankawafotokozera m'Chichewa chokweza, akudzisisita m'khosi mpaka kumapazi. Loweruka lachitatu mnyamata wina wogulitsa majekete anakumba pansi pa mulu n'kutulutsa chinthu chakuda chonunkha matayala. Chinali chachimuna, chachikulu choti mungalowe anthu awiri, ndipo mphira wake unali wopyapyala. Wogulitsayo atamva kuti n'cha mtsikana, anapukusa mutu.

"Mzee, hii ni kubwa sana," anatero, kutanthauza kuti n'chachikulu kwambiri.

"Wati chiyani?" anandifunsa a Kaliwo.

"Akuti n'chachikulu."

"Ndiye chabwinocho. Muuze akulunge."

Ine ndinali nditamufunsa kale Thoko pa imelo, ndipo anandifotokozera momveka. Wetisuti imalola timadzi tochepa kulowa, thupi n'kutitenthetsa, ndipo timadzi tomweto timakhala ngati bulangete. Koma izi zimatheka ikakhala yothina ngati khungu. Ikakhala ndi mpata, madzi ozizira amangolowa ndi kutuluka, n'kumachotsa kutentha konse. Ndinawauza zimenezi m'galimoto, ndinawauzanso pagalaja, ndinafika powalembera papepala.

"Wafunsa namwino nkhani ya kusoka?" anatero. "Ukadwala udzabwere kwa ine ndikubaye jakisoni."

Zimene anachita ndi chovala chija, mpaka lero ndikaziganiza ndimagwira mutu. Anaona kuti m'khosi n'mothina, choncho anadula n'kupinda bwinobwino kuti mwana azipuma. Anang'amba m'mbali, m'chiuno, n'kuikamo nsalu ya khaki kuti pakhale malo. Anathyola singano zingapo, akutukwana mphira. Pomaliza, poona kuti chinthucho chikadali ndi miyendo iwiri ngati thalauza, anasokerera m'chiuno siketi ya chitenje cha maluwa ofiira, yofika m'mawondo. Misoko yake inali yowongoka, yokongola, ndipo uliwonse unali mzere wa timabowo. Anachipereka kwa wansembe wina amene ankapita ku Ulaya, pamodzi ndi kalata yopempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha Thoko atachivala m'madzimo.

Pano ndiyenera kunena kuti Thoko nayenso ndi mwana wa bambo ake. Ankadziwa bwino kuti chovalacho n'chosathandiza. Koma kukana chosoka cha bambo ake anali asanaphunzire, ndipo anaganiza kuti mphindi zisanu za chithunzi sizingaphe munthu. Inali miyezi yozizira kwambiri kumeneko. Analowa, funde loyamba linamugwetsa, madzi anakhuthukira m'khosi n'kudzaza chovala chonse. Siketi ija inamukulunga miyendo. Pamene anzake ankamukokera kumtunda, zala zake zinali zitalephera kugwira thabwa, ndipo mawu ake sankamveka. Anagona masiku awiri m'chipatala chomwe ankaphunziramo, akufunditsidwa ndi anzake a m'kalasi.

Mnzake wina anandiimbira kuntchito. Ndinayendetsa galimoto kupita ku South C, ndipo ndinawauza a Kaliwo ndili chiimire. Anafunsa ngati ali moyo. Nditavomera, anayamba. Vuto linali nyanja ya azungu. Vuto linali thabwa. Vuto linali anzake osaopa Mulungu. Vuto linali ine, amene ndinawerenga kalata ija m'malo moibisa. Chovala chokha n'chimene chinalibe mlandu, poti m'zaka makumi anayi palibe msoko wawo umene unamasukapo.

Lamlungu lotsatira a Mutua sanagogode pakhoma. Lotsatiralonso ayi. Thoko ankaimbira ine.

"Achemwali, muwauze kuti chochokera m'manja mwawo sindidzavalanso. Muwauze choncho, musakometse."

Sindinakometse. Ndinali wokwiya, ndipo ndinawauza mawu omwewo, mmodzimmodzi. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndikuvomereza kuti panthawiyo sindinawamvere chisoni. Patapita milungu ingapo phukusi linafika pa positi. Munali chovala chija, chouma, chonunkha mchere, mopanda kalata.

Tafika pa mgolo. Loweruka lina dzuwa lili paliwombo anandiitanitsa, ndipo ndinapeza kuseri kwa galaja kuli mgolo wachitsulo wodzaza madzi. A Mutua anali atathandiza kubweretsa zibuma za madzi oundana kuchokera kwa wogulitsa nsomba, ndipo ankaziphwanya ndi hamala akuoneka kuti sakudziwa chimene alowamo. A Kaliwo anatuluka m'galaja atavala wetisuti ija. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, woonda ngati bango, magalasi pamphuno, siketi ya maluwa ofiira ikuwomba m'mawondo.

"Bambo, mwatani kodi?"

"Ndikufuna uone ndi maso ako, ukamuuze mnzakoyo kuti chovala chilibe vuto."

"Muli ndi vuto la mtima, Bambo."

"Mtima ndi wanga. Gwira mpandowu."

Anakwera pampando n'kutsikira mumgolo. Anali atalengeza kuti aimba nyimbo ya kwaya yonse, ndime zinayi, ali m'madzimo. Anayamba bwino. Madzi atafika pachifuwa mawu anakwera okha, ndipo atakhala pansi kuti afike m'khosi, ndinaona madzi akulowa pa kolala imene anaikulitsa ija ngati akuthiridwa m'botolo. Timathovu tinkatuluka m'misoko yonse, m'mbali monse mwa khaki. Ndime yoyamba sanaimalize. Anayesa kudzuka, koma chovala chinali chitalemera ndi madzi, miyendo yawo osamvera. Ine ndi a Mutua tinachita kugwetsa mgolo, mkulu uja n'kukhuthuka pamodzi ndi madzi ake mpaka pa maluwa a eni nyumba.

Anthu akamasimba nkhaniyi amathera pamenepa, n'kuseka. Nanenso ndinaseka, ndikulira, ndikuwakalipira, ndikuwavula chinthu chija ndi sizasi yawo yomwe. Koma ine ndinalipo pa zimene zinatsatira. Tinawakhazika padzuwa m'mabulangete awiri, milomo itachita bii, mano akugundana moti kapu ya tiyi sankatha kuigwira. Kenako anafunsa, osandiyang'ana.

"Thoko anakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Akuti pafupifupi kotala la ola, Bambo."

"Ine sindinamalize ndime imodzi."

Sanapepese. A Kaliwo sanapepesepo kwa munthu chibadwire, ndipo amene akunena kuti anapepesa pa bedi la imfa akunama, poti anamwalira ali pampando wawo, choko ali m'manja, popanda wowamva. Chimene anachita n'chakuti Lolemba lake anandiimbira kuntchito, pa foni ya a Mutua, kuti ndiwatengere ku malo a makompyuta akaphunzire za mphira.

Apa ndiye anandikwana zenizeni. Munthu amene anakana kumva chiganizo chimodzi tsopano ankafuna kumva zonse, kawiri. Ndinkakhala pa kompyuta ndikuwamasulira, iwo akulemba ndi pensulo kuseri kwa katoni. Anaphunzira kuti madzi ozizira chotero amafuna mphira wochindikala mamilimita asanu pachifuwa ndi kumsana, wocheperako pang'ono m'manja ndi m'miyendo kuti munthu azitha kupalasa. Anaphunzira kuti pamafunika chipewa chake, nsapato zake ndi magolovesi ake. Chimene chinawagwira mtima kwambiri chinali cha misoko: kuti amayamba amata ndi guluu, kenako n'kusoka ndi singano yokhota imene imalowa theka la mphira osatulukira mbali inayo. Anandiuza ndibwereze katatu.

"Singano yosabowola," anatero. "Ndiye ine ndinamusokera sefa."

Kuyambira pamenepo panalibe wetisuti yowakwanira. Tinabwerera ku Gikomba, tinafunsa m'masitolo a zamasewera, ndinatuma ngakhale mnzanga wopita ku Mombasa. Zonse zinali zopyapyala, za madzi ofunda. Ankazitsina ndi zala, kuzitembenuza, kuziyang'ana padzuwa ngati kuwala kukudutsa m'misoko, n'kuzibweza ndi liwu lawo lokanira la Chiswahili lija. Miyezi inkapita. Ndinawauza kuti mwina Thoko anagula kale yake, ndipo n'kutheka kuti anagulanso yachiwiri. Anandiyankha kuti iwo sanandifunse zimene Thoko ali nazo.

Inapezeka ku Muthaiga, dera la anthu olemera. Kunali mayi wina wa ku Ulaya amene a Kaliwo ankamusokera makatani, ndipo banja lake linkabwerera kwawo, likutaya katundu. Mwana wake wamkazi anali ndi wetisuti ya kwawoko, imene anabwera nayo osadziwa kuti kuno sadzaifuna. Mayiyo anaiyala pa tebulo la pakhonde: yochindikala, ya chipewa chake, misoko yake yomatidwa. Inkaoneka yaing'ono ngati ya mwana wa sitandade faifi. A Kaliwo anatulutsa tepi m'thumba n'kuyamba kuyeza, pachifuwa, m'chiuno, kuchokera paphewa mpaka pakakolo.

"Bambo, miyeso ya Thoko tilibe," ndinawakumbutsa. "Ndimuimbire?"

"Usamuvutitse."

"Nanga muyerekeza ndi chiyani? Ija ya m'kope mwanu ndi yowonjezera kale."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutchula manambala asanu ndi limodzi, motsatana, osaganiza n'komwe. Sinali miyeso ya m'kope. Inali yeniyeni, imene tepi inawauza tsiku limene anamuyeza komaliza asanakwere ndege, asanaikepo za ulemu zawo.

"Ukuganiza kuti mwana wanga sindimudziwa?" anatero. "Ndimamudziwa. Ndimangowonjezera."

Ndinafuna kuwamenya ndi katoni yawo ija. Zaka zonsezo mtsikana akusambira m'madiresi, bambo ake akudziwa bwinobwino pamene mwana wawo athera ndi pamene nsalu yayambira.

Wetisuti ija anakhala nayo masiku atatu pa tebulo lodulira, ndipo ine ndinabisa sizasi m'chikwama changa, poti ndinaona mmene ankayang'anira m'khosi mwake. Ankaizungulira akung'ung'udza kuti n'chamanyazi, kuti amayi ake a Thoko akanakhalapo sakanalola, kuti ndi khungu la nyama osati chovala. Tsiku lachinayi anaikulunga. M'moyo wawo wonse, chimenecho n'chovala chokhacho chimene chinalowa m'galaja muja n'kutuluka singano isanachikhudze. M'phukusimo anaikamo kapepala ka mzere umodzi, kakuti sanawonjezere kanthu.

Patapita mwezi ndi theka, Lamlungu masana, a Mutua anagogoda pakhoma. Sindikudziwa zimene bambo ndi mwana anakambirana. Ndimangodziwa kuti anabwerako akudandaula kuti mwanayo akulankhula Chichewa cha m'mphuno. Chithunzi chinafika pambuyo pake, ndipo mkulu uja anakana kuchiona. Anandipatsa envulopu, iwo n'kutembenukira kukhoma.

"Tayang'ana iwe. M'khosi mwagwira?"

"Mwagwira, Bambo."

"Kumsana kulibe thumba la mpweya? M'khwapa?"

"Kulibe. Akuseka, waima pa thabwa. Tangoonani kamodzi."

"Ndione chiyani, mwana wanga ali maliseche akuda? Ika m'Baibulomo."

Mungaganize kuti nkhani inathera pamenepo, koma simunawadziwe. Thoko anali atayambanso kuimba, koma mawu ake aja sanawabweze, ndipo bambo ake sanawaiwale. Ndikawauza kuti mwana wavala chochokera m'manja mwawo, ankakana, amvekere chimenecho chinangodutsa, si chawo. Kawiri anamutumizira diresi, kawiri Thoko anathokoza bwino pafoni n'kusintha nkhani. Kwa ine ankanena zoona, kuti madiresiwo ali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo ndi aakulu ngati kale. Ndinatopa nawo onse awiri. Ndinamuuza Thoko kuti avale kamodzi m'nyumba, ajambulitse, nkhani ithe. Anandiyankha kuti chithunzi chokondweretsa bambo ake anajambulitsapo kale.

Chaka chatha Thoko anati abwera pa Khirisimasi, ulendo wake woyamba chichokereni. A Kaliwo anandituma nsalu yabuluu, ndipo atandibweza nayo kawiri chifukwa cha mtundu, anaivomera yachitatu. Sanandiuze kuti ndi ya ndani, nane sindinafunse. Anamwalira kutatsala milungu isanu. A Mutua ndi amene anawapeza, ataona kuti masana onse makina sanalire.

Thoko anabwera, tinaperekeza thupi ku Chiradzulu, n'kubwerera kudzachotsa katundu m'galaja. Pa tebulo lodulira panali diresi yabuluu ija, yodulidwa kale zidutswa zonse, zolumikizidwa ndi mapini, yosasokedwa. Thoko anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga tepi, n'kudziyeza m'chiuno, n'kuyeza nsaluyo pakati pa mizere ya choko. Anayezanso pachifuwa. Anabwereza, milomo ikuwerenga.

"Achemwali," anatero. "Inchi imodzi."

"Wati bwanji?"

"Awonjezera inchi imodzi yokha."

Anakhala pansi pa simenti, nsalu ili pamiyendo, akuseka ndi kulira, akungoti, "Adadi inu, Adadi inu." Ine ndinatuluka panja, poti ndinapsanso mtima. Munthu anatsala pang'ono kupha mwana wake, analowa mumgolo wa madzi oundana, anandiyendetsa Nairobi yonse kwa miyezi, ndipo zonsezo zinangomuchotsera inchi imodzi. Koma ndikudziwanso kuti inchi imeneyo inawatengera zaka zinayi, ndipo palibe wina aliyense padziko amene anawachotserapo ngakhale theka.

Ndinamuuza Thoko kuti ndikudziwa telala wabwino amene angaimalize asanakwere ndege. Anakana. Anati akaisoka wina ikhala ya wina. Anaikulunga momwemo ndi mapini ake, n'kupita nayo, ndipo mpaka lero sinavalidwe.

Galaja ija eni nyumba sanapeze woibwereka. Ndinapitako Lachiwiri lapitali, a Mutua n'kunditsekulira. Makina tinapereka ku kwaya, tebulo linapita kwa mmisiri wa matabwa, ndipo chipindacho, chimene tinkapanikizanamo anthu asanu n'kumapondana, chakula modabwitsa. Pa simenti pali mabanga anayi a dzimbiri pamene panali miyendo ya makina, ndi kanjira kosalala pamene phazi lawo linkatsikira. M'ming'alu mukadali timapini. Pawindo pali kangaude, ndipo dzuwa limalowa n'kugwera pansi popanda nsalu yoti liwalire. Ndinaima pakati, pamalo pomwe tonse tinkaimikidwa, kwa kanthawi. A Mutua anadikira pakhomo ndi makiyi, kenako anandifunsa ngati ndatha, poti mphepo inkalowetsa fumbi.